Mmene Ndinabera Filimu ya a Saizi

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata woima pano masana ano. Ndiyankhula Chichewa, chifukwa anthu amene ndinawalakwira ndi a Chichewa. Inu amene mumamva koma kuyankha kumakuvutani musadandaule, ndikaona kuti mwasochera ndiponyamo Chishona.

Dzina langa ndine Nelisoni Mbewe. Ndinabadwira m'komboni ya pa mgodi kuno ku Bindura. Bambo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka chifuwa chinawatulutsamo. Ambiri mumandidziwa kuti ndine wa kamera, wojambula maukwati ndi misonkhano ya mpingo. Koma inu amene mumayala zimbale pamsika ndi pokwerera makombi, maminibasi athu aja, mumandidziwa ndi mbiri ina, chifukwa ena mwa inu katundu woyamba munagula kwa ine. Nchifukwa chake abusa atandipempha kuti ndiyankhule nanu sindinakane. Ine ndinali wakuba mafilimu. Ndinakopera ambiri a kunja, koma imene inandigwetsa ndi imodzi, ya anthu amene anandilera.

M'komboni mwathu munali bambo wina, a Saizi, kalaliki wolemba nthawi ya ogwira ntchito pa mgodi. Nyumba yawo inayang'anana ndi yathu. Lamlungu masana ankasonkhanitsa akuluakulu ndi amayi mu holo ya pa mgodi n'kumachita zisudzo zimene ankalemba okha m'makope a sukulu. Ntchito yawo itatha, anapatsidwa ndalama zotsanzikira. Anzawo anagula ng'ombe, ena malata. Iwo anati apanga filimu.

Nkhani yake inali ya makolo athu amene anabwera kuno wapansi, kuchokera ku Nyasalande, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, kudzafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Anaitcha Tinabwera Wapansi. Osewera anali anthu omwewo a m'komboni. Wamkulu mwa onse anali a Kachingwe, nkhalamba imene inayendadi ulendo umenewo ili ndi zaka zosakwana makumi awiri. Iwowa sankafunika kuuzidwa zonena. A Saizi ankangowakhazika pamwala n'kunena kuti, fotokozani za tsiku la pa mtsinje, ndipo iwo ankafotokoza, ife tonse kumbuyo kwa kamera tili chete.

Ine ndinali nditangophunzira kujambula komanso kudula ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta. A Saizi anandisankha chifukwa ndinali mwana wa mnzawo. Tinajambula Loweruka lililonse kwa miyezi yambiri, kwina m'komboni, kwina m'mapiri a ku Masembura amene ankaimira njira ya ku Tete. Ntchito yanga anandilipira yonse, osatsala kanthu. Ndikunena zimenezi kuti pasapezeke wina woganiza kuti anandidyera masuku pamutu.

Titatsala pang'ono kumaliza, a Saizi anayenda khomo ndi khomo kufunsa akuluakulu mayina a anzawo amene anafera m'njira osafika kuno. Anadzaza tsamba lonse. Anandiuza kuti kumapeto kwa filimu ndiike mayina a osewera, kenako mayina a akufa aja, ayende pang'onopang'ono kuti ngakhale wovutika kuwerenga awerenge. Ndinachita monga anandiuzira.

Dongosolo linali lakuti filimu ikaonetsedwe koyamba mu holo ya pa mgodi pa Loweruka la kutha kwa mwezi, zimbale zigulitsidwe pakhomo, ndipo zopezekazo agawane ndi osewera. Palibe chimene tinalemberana. Tinali anthu amodzi, tinkaona ngati pepala ndi la anthu osakhulupirirana. Zimbale zoyambirira zinali ziwiri zokha, china kwa a Saizi, china kwa ine.

Munali m'nyengo ija mukuikumbukira nonse, pamene m'masitolo munali mashelefu okhaokha, ndalama ya m'mawa pofika madzulo yasanduka pepala. Mkazi wanga, mai Tadiwa, anali woyembekezera mwana wachiwiri. Ndinapita ku Harare kukagula zimbale zopanda kanthu zoti tikopere filimu ija, ndipo mkulu amene ankagulitsa anandifunsa kuti zambiri chonchi n'zachiyani. Pofuna kudzitama ndinamuonetsa pang'ono. Anaonera mphindi zochepa, kenako anandilowetsa m'chipinda cha kumbuyo, mmene munali makina obenera, ndiye kuti okopera zimbale khumi nthawi imodzi. Anati ndimusiyire chimbale changa ola limodzi lokha, andipatsa ndalama za kunja, thumba la ufa ndi mafuta ophikira. Anawonjeza kuti ndidule mayina onse a kumapeto kuti pasaoneke mwini wake.

Mverani bwino bodza limene ndinadziuza, chifukwa ndi lomwelo limene ena mwa inu mwadziuza m'mawa uno. Ndinati sindikulanda kanthu. Chimbale cha a Saizi chikhalabe m'nyumba mwawo. Wakuba mbuzi amasiya khola lopanda mbuzi, koma ine ndikungotengako chithunzi. Ndinakhala pa kompyuta ya mkulu uja n'kudula mayina ndi dzanja langali. Sizinatenge nthawi yoti munthu amwe tiyi.

Pasanathe milungu iwiri filimu ija inali m'mphepete mwa msewu paliponse. Anaisintha dzina, anaitcha Nhamo yaAchimwene, kutanthauza mavuto a achimwene, monga anthu a kuno amatitchulira akafuna kutiseka. Pachikuto anaikapo nkhope ya a Kachingwe atayasama, kuti izioneka ngati ya nthabwala. Mtengo wake unali wa mulu wa tomato.

Tsiku loionetsa litafika, holo sinadzaze ndi theka lomwe. Anthu ankadutsa pa tebulo la zimbale zenizeni n'kunena kuti anaionera kale kunyumba. Madzulo ake a Saizi anabwera kwathu atagwira chimbale chabodza. Anandifunsa modekha ngati ndikudziwapo kanthu. Ndinalumbira, Baibulo lili m'manja, kuti sindikudziwa, n'kunamizira anthu amene anasindikiza chikuto ku Harare. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, anati zikomo, n'kumapita. Makatoni a zimbale zawo anakhala pansi pa bedi mpaka nyumba ya m'komboni anatulutsidwamo, n'kukachita lendi chipinda chimodzi ku Chipadze.

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka mofulumira. Ndinagula makina anga obenera, ndinayamba kudyetsa ogulitsa a kuno, a ku Shamva, a ku Glendale mpaka ku Jumbo. Nyimbo za oimba a mpingo wathu womwe ndinkazikopera Lolemba, atangozitulutsa Lamlungu. Ku tchalitchi ndinasiya kupita chifukwa nkhope zinali zambiri zoti ndizipewe. Mowa umene ndinali ndisanaulawepo unakhala chakudya cha masana. Mai Tadiwa anandiuza kangapo kuti ufa wa ndalama zimenezi sukumutsika pakhosi, ine ndinkamuyankha kuti apite akadye chilungamo. Apolisi atabwera anapeza makina akutentha, zimbale zili mbwee pabedi la ana. Woweruza anandipatsa miyezi isanu. Mkazi wanga anatenga ana n'kupita kwa makolo ake ku Masembura.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndende inandisintha, koma ndinganame. Ndinagona pasimenti, nsabwe zinandidya, ndinaonda mpaka buluku ndinkamanga ndi chingwe, koma mumtima ndinkangoti ndinachita tsoka, wina anandipereka chifukwa cha nsanje. Nditatuluka ndinakatenga kompyuta ina ndi makina ena obenera zimene ndinabisa kwa mnzanga, ndipo sabata yomweyo ndinayambiranso.

Chimene chinandithyola chinachitika ku Jumbo, Loweruka lina dzuwa lili pamutu. Kumeneko kunali chinyumba cha malata choonetsera mafilimu, cha jenereta, chimene chinkadzaza ndi anyamata okumba golide. Ndinapita kukasiya zimbale kwa mwini wake. Pakhomo anali atamata chikuto cha filimu ija, chifukwa anthu ankaikondabe. Ndipo pomwepo panaima nkhalamba ya ndodo, itavala jekete yakale ya pa mgodi, ikukangana ndi mwini malo. Anali a Kachingwe. Sindinadziwe kuti anasamukira ku Jumbo kwa mwana wawo wamkazi.

Mwini malo ankawauza m'Chishona kuti opanda ndalama salowa. Iwo analoza chikuto chija ndi ndodo n'kunena kuti, uyo ndine. Anyamata a pamzere anaseka, wina anati ndiye mdala waonera kale, akufunanso chiyani. Ndinafuna kuzemba, koma anandiona.

"Mwana wa a Mbewe, ndiwe? Tawauza anthu awa kuti ndine ndani."

Ndinawalipirira, n'kulowa nawo. Titakhala pa benchi anandiuza kuti filimu ija sanaioneko chiyambire. Tsiku la ku holo lija anali m'chipatala, ndipo kwa mwana wawo kulibe magetsi. Anamva kwa anthu kuti ikuonetsedwa kuno, ndiye anayenda wapansi kuchokera kumalayini a kumtunda.

Abale, chimbale chija chinali chokopera ku chokopera. Nkhope zinali zotuwa, mawu ankatsalira m'mbuyo mwa milomo. Itafika pa mtsinje paja, pamene a Kachingwe amafotokoza za mnyamata amene anakokoloka ndi madzi bwato litagubuduka, anthu ankaseka katchulidwe kawo ka Chishona, ena kumawatsanzira. Iwo sanatembenuke. Anatsamira pa ndodo yawo, maso ali pa kanema. Nkhani itatha, kanema anangoti bii, mwini malo n'kutsegula chitseko kuti alowe ena.

A Kachingwe sanadzuke. Anandigwira bondo n'kundiuza kuti ndikamuuze mwini malo kuti wazimitsa msanga, mayina sanatuluke. Ndinati filimu yatha, agogo. Anati ayi, a Saizi anawalonjeza kuti kumapeto kudzakhala mayina.

"Ine ndabwera kudzaona dzina la mng'ono wanga Yotamu," anatero. "Ndiye uja anapita ndi madzi. Manda ake kulibe. Kuwerenga sindidziwa, koma dzina limenelo ndimalizindikira, mdzukulu wanga anandilembera pakapepala."

Anatulutsa kapepala m'thumba la jekete, kopindapinda, kakuda ndi thukuta. Panali mawu awiri okha.

Ine ndinajambula nkhani ya pa mtsinje ija, ndinaimvetsera kambirimbiri poilumikiza, koma sindinadziwe kuti mnyamata wokokolokayo anali m'bale wawo wa bere limodzi. M'filimu ankangoti mnzathu wina. Miyezi yonse ya m'ndende sinandifikitse pamene kapepala kaja kanandifikitsa. Ndinaona kuti chinthu chimene ndinkati sindinalande kanthu chinali ndalama zotsanzikira za munthu amene anagwira ntchito moyo wake wonse, chinali Loweruka lililonse la akuluakulu aja, komanso chinali mwala wokhawo wa pamanda umene Yotamu akanakhala nawo.

Ndinawatulutsa panja, tinakakhala pamthunzi kuseri kwa chinyumbacho, ndipo ndinawauza zonse. Ndinati mayina ndinadula ndine, filimu ndinagulitsa ndine, ndipo kwa a Saizi ndinalumbira zabodza. Ndinkayembekeza ndodo. Iwo anapinda kapepala kawo, n'kukabwezera m'thumba. Kenako anandifunsa funso limodzi, ngati mayinawo ndinawataya kapena alipobe penapake. Ndinati alipo, pa chimbale cha a Saizi.

"Ndiye wakhaliranji pano?" anatero. "Pita kwa mwini wake."

Chikwama cha zimbale chimene ndinabwera nacho sindinachisiye kwa mwini malo. Ndinakwera nacho kombi kubwerera ku Bindura, ndipo mawa lake m'mawa ndinali ku Chipadze. Ndinawapeza a Saizi atakhala pakhomo akukonza ambulera za anthu, imene inali ntchito yowadyetsa. Ndinakhala pansi pa dothi n'kuyankhula. Sanasiye kusoka. Nditamaliza anati anadziwa tsiku lomwe lija, chifukwa zimbale zinali ziwiri ndipo chawo sichinachoke m'sutikesi. Anati chimene chinawapweteka kuposa ndalama ndi Baibulo lija m'manja mwanga. Sananene kuti andikhululukira. Anati mlandu wanga si wa iwo okha, ndikaunene pamaso pa onse amene anasewera.

Anawasonkhanitsa Lamlungu lotsatira pansi pa mtengo kuseri kwa holo. Ena anali atamwalira kale, ena atabalalika, koma amene analipo anabwera. Ndinaima monga ndaimira panomu n'kuulula zonse. Mayi wina amene ankandiphikira phala ndili mwana anandiuza kuti chifukwa cha chikuto chija adzukulu ake amanyozedwa kusukulu, ndipo anandipempha kuti ndisadzapondenso pakhomo pake. Mpaka lero sindinapondepo. Ndikumulemekeza pamenepo.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinabwererera, chifukwa kulira kokha sikubweza mbuzi m'khola.

Choyamba chinali kutseka gwero. Zimbale zonse zimene zinali m'nyumba ndinazithyola pamaso pa a Saizi ndi abusa, zinadzaza matumba awiri a feteleza. Makina obenera ndinawapereka kwa a Saizi, kuti azikhala kwa iwo, azigwira ntchito pokhapokha iwo atalamula. Kompyuta ndinatsala nayo chifukwa ndi khasu langa, koma ndinafufuta chilichonse cha eni ake. Sabata yoyamba ndinagona ndi njala kawiri, ndipo mkulu wa ku Harare uja anandiimbira foni kundiuza kuti wabweretsa mafilimu atsopano. Ndinatulutsa kakhadi ka foni n'kukaponya m'chimbudzi. Musaseke, nthawi imeneyo kupeza nambala ina kunali kovuta, koma ndinkadziwa kuti akaimbanso tsiku la njala ndivomera.

Mowa ndinausiya nthawi yomweyo, osati chifukwa ndine wolimba, koma chifukwa ndinaona kuti ndinkamwa kuti ndisaganize za anthu ena, ndipo anthuwo tsopano ndinali nditayang'anana nawo kale maso ndi maso. Kumene ndinkamwera ndinasiya kudutsako. Ndinkazungulira njira yaitali ya kuseri kwa msika.

Kenako tinapita ndi a Saizi kwa munthu wodziwa malamulo, mmodzi wa mumpingo muno, amene anatifotokozera zinthu zimene ndinayenera kudziwa ndisanagwire kamera. Anati filimu, nyimbo, sewero, buku, chilichonse chimene munthu wapanga ndi mutu wake chili ndi mwini wake monga munda. Ukagula chimbale wagula mwayi woonera kunyumba kwako, sunagule mphamvu yochikopera, yochigulitsa kapena yochionetsa kwa anthu olipira. Anatinso ine, ngakhale ndinagwira kamera, ndinali wolembedwa ntchito, ndipo filimu sinali yanga. Kusintha dzina ndi kuchotsa mayina a eni ake anati ndi kulakwa kwina pakokha. Anatilembera pepala lonena kuti mwini ndani, osewera azilandira bwanji, ndipo ndani ali ndi chilolezo chokopera. Akuluakulu osadziwa kulemba anadinda chala. Pepala limenelo tikanakhala nalo poyamba mwina ndikanabisabe mtima wanga wakuba, koma sindikanadzinamiza kuti sindikudziwa malire.

Ntchito yovuta kwambiri inali yobwerera kwa ogulitsa onse amene ndinkawadyetsa. Ndinayenda tebulo ndi tebulo, nditanyamula zimbale zenizeni za pansi pa bedi zija, kuwapempha kuti achotse chabodza aike chenicheni, adyepo phindu lawo koma gawo lina lizipita kwa mwini. Ambiri anandiseka. Wina anati ndende yandizunguza mutu. Wina anandifunsa ngati ndayamba kugwirira ntchito apolisi. Mayi mmodzi yekha wa pokwerera makombi anavomera tsiku loyamba, ndipo ali muno, sindimutchula. Ndinkabwerera sabata iliyonse mpaka ena anavomera chifukwa chotopa nane.

Tinabwereka pulojekita ya mpingo n'kuyamba kuonetsa filimu yathunthu, ndi dzina lake lenileni, m'maholo ndi m'masukulu a m'mafamu, a Saizi ali pakhomo. Ulendo woyamba tinapita ku Jumbo. Tinatseka mawindo a kalasi ndi mabulangete, n'kuwakhazika a Kachingwe kutsogolo. A Saizi asanayatse anafotokozera anthu kuti awa ndi ndani ndipo ulendo uja unali wotani. Tsiku limenelo pa mtsinje paja palibe anaseka. Mayina a akufa atayamba kuyenda ndinaimitsa chithunzi pa dzina lachisanu ndi chimodzi. Nkhalamba inadzuka, inayandikira khoma, n'kuyerekeza ndi kapepala kake chilembo ndi chilembo. Itakhutira inagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndipitirize, enawonso ali ndi abale awo.

Ku Masembura ndinapita katatu. Ulendo woyamba apongozi anandilandira pakhonde, mai Tadiwa osatuluka m'khitchini. Wachiwiri anatuluka, anandifunsa kuti ndikudya chiyani masiku ano, ndinamuuza kuti ndabwerera ku maukwati ndi maliro, ndipo nthawi zina ndimalipidwa nkhuku. Ndinamva pambuyo pake kuti anakwera basi yekha kupita ku Chipadze kukafunsa a Saizi ngati zimene ndikunena ndi zoona. Ulendo wachitatu ndinabwera naye pamodzi ndi ana.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinakonzeka. Ndalama zotsanzikira za a Saizi sizinabwerere, akadali m'chipinda chimodzi chija. Chimbale chabodza chikuyendabe, mwezi wathawu munthu anachiona ku Mutare. Chinthu chimene ndinachimasula pa ola limodzi ndidzafa ndisanachigwire. Ndipo ine ndekha masiku ena, ndikadutsa pamsika n'kuona ndalama zikusinthana manja pa tebulo la zimbale, mtima umandikumbutsa kuti ntchito ija inali yosavuta. Ndimauyankha kuti ndamva, n'kupitiriza ulendo.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Mukuti uyu akulankhula chifukwa ali ndi kamera, nanga ine amene ndili ndi katebulo kokha ndidyetsa chiyani ana. Funso limenelo ndi loona, ndipo sindilipeputsa, njala ndinaigona. Sindikuti mawa mukatenthe katundu yense n'kukhala pansi. Yambani ndi anthu amene mungawapeze. Pa tebulo lanu pali nyimbo za woimba wa m'tauni muno, pali sewero la gulu la ku Shamva, pali kwaya ya mpingo woyandikana nawo. Pitani kwa iwo, muwauze kuti mwakhala mukugulitsa chawo, muwapemphe chenicheni pa mtengo woti nonse mudye. Ena akutukwanani, landirani. Ambiri akufuna wowagulitsira, chimene sakufuna ndi wowabera. Inu a pa kompyuta, munthu akakusungitsani ntchito yake, mulemberane tsiku lomwelo, ngakhale ali malume anu. Ndipo wina akadzakuuzani kuti dula mayina a kumapeto, dziwani kuti mwafika pakhomo la ndende, kaya apolisi abwera kaya sabwera.

A Saizi alemba nkhani ina, ya amayi a m'mafamu amene anabadwira kuno koma alibe mapepala a dziko lililonse. Masabata awiri apitawo ananditumizira uthenga kuti ndipite kwawo. Anandiuza kuti akufuna ndijambule ndine, koma pali malamulo. Kulumikiza zithunzi kuzichitikira m'chipinda mwawo, iwo ali pompo. Ndikaweruka, chilichonse chimene tajambula chizilowa m'sutikesi, ndipo kiyi azisunga akazi awo. Anandifunsa ngati zimenezo zikundinyoza. Ndinati ayi bambo, munthu amene anagwapo m'chitsime sakwiya akaona chitsekero. Anaseka pang'ono, koyamba chichitikireni zonsezi, n'kundipatsa kope kuti ndikawerenge.

Tikuyamba kujambula Loweruka likubwerali ku Masembura, ndipo tikusowa manja. Tikufuna wogwira maikolofoni, wonyamula mabatire, ndi anthu awiri oti ndiwaphunzitse kamera. Malipiro ndi ochepa, koma dzina lanu lidzakhala kumapeto, ndipo ine ndi amene ndidzalilondera. Amene watopa ndi kuthawa apolisi chikwama chili kumsana andipeze pakhomo tikatuluka. Basi imanyamuka m'mawa kwambiri. Mubwere ndi chipewa ndi madzi akumwa, koma chimbale chopanda kanthu musiye kunyumba.

Ambuye akudalitseni nonse. Ndakhala pansi.